Mwagula Galimoto ku Pretoria? Phunzirani Kuisamalira Nokha

Amalawi ambiri ogwira ntchito ku Pretoria akasunga kandalama amagula galimoto yoyendapo kale: Polo Vivo, Corolla yakale kapena NP200. Ena amayendetsa pa Uber ndi Bolt, ena amanyamulira zida za ukalipentala kapena makina otchetchera kapinga m'mayadi a ku Centurion. Chimene sakonzekera ndi mtengo wa ku galaja, pakuti kuno magalaja ambiri amawerengera pa ola. Komatu matenda ambiri a galimoto amayamba aang'ono, ndipo mwini wake akhoza kuwaona asanakule. Musathamangire sipanala; yambani ndi maso ndi makutu.

Choyamba pezani buku la galimoto yanu. Ngati munthu amene anakugulitsani analitaya, lifufuzeni pa intaneti polemba mtundu wa galimotoyo ndi chaka chake. Mmenemo muli mtundu wa oyilo, kaya 5W-30 kapena 10W-40, mpweya wa matayala, ndi nthawi ya sevisi, imene pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono ndi makilomita 15,000 kapena chaka chimodzi. Likuuzaninso petulo woyenera. Kuno kumtunda amagulitsa 93 ndi 95, ndipo ngati bukulo likuti 95, musatsike pofuna kupulumutsa masenti.

Kenaka sankhani tsiku limodzi pa sabata lotsekula boneti, m'mawa injini isanalire, galimoto itaima pamalo osatsetsereka. Sololani kachitsulo koyezera oyilo, kapukuteni, kabwezereni mpaka kumapeto, kasololeninso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri za pa kachitsuloko. Akachita bii si nkhani yoopsa, koma akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa mu injini, ndipo apo pitani kwa makaniko tsiku lomwelo. Onaninso madzi oziziritsa injini pa kabotolo ka pulasitiki kam'mbali. Chivindikiro cha rediyeta musadzachitsekule injini ikutentha, chonde. Nthunzi yake imasenda khungu. Ndipo musamathire madzi apampopi okhaokha monga ambiri tinazolowera kwathu. Amachititsa dzimbiri mkati, ndipo mu June ndi July chisanu cha kuno chimafika poundanitsa madzi usiku. Sakanizani ndi antifreeze. Mafuta a mabuleki akamatsika msanga, penapake pakudontha.

Mu October, mitengo ya jakaranda ikamayoyola maluwa m'misewu ya Arcadia ndi Sunnyside, chotsani zinyalala zimene zimaunjikana pansi pa galasi lakutsogolo. Zikatseka timabowo todutsa madzi, mvula yoyamba imalowa m'galimoto mpaka kunyowetsa mawaya.

Pa matayala m'pofunika kukhalitsapo, chifukwa ndi pamene pali moyo wanu. Yezani mpweya matayala asanatenthe; manambala ake ali pa kapepala komatidwa pakhomo la dalaivala kapena kuseri kwa kachitseko ka thanki. Anyamata a pafilingi amakuyezerani mukapempha, ndipo musaiwale tayala la sipeya. Lamulo la dziko lino limafuna kuti mizere ya tayala ikhale yakuya milimita 1 kapena kuposa, koma mvula yamatalala ya kuno simafuna tayala lofika pamenepo. Tayala likamatha mbali imodzi yokha, mawilo apotoka, mwina chifukwa cha maenje a mumsewu, ndipo akufunika alayimenti. Pogula tayala la kaunjika, werengani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mizere ili bwinobwino.

Kusintha tayala phunzirirani pakhomo, masana. Kokani handibuleki, ikani giya yoyamba, tsamiritsani mwala ku wilo lina. Masulani manati pang'ono galimoto idakali pansi, kenaka ikani jeke pamalo olimba amene bukulo lasonyeza. Pomanga, musatsatize manati mozungulira. Mangani modumphadumpha, ili kenaka loyang'anana nalo, ndipo mumalizitse mutatsitsa galimoto. Pamsewu, chikwangwani chofiira cha makona atatu chiikidwe mamita 45 kumbuyo. Koma usiku pa N1 kapena N4, kumene achifwamba akhala akutchera zitsulo zoboola matayala, musaime mumdima. Yendani pang'onopang'ono mpaka pamalo owala. Rimu imagulidwa ina.

Batire imakonda kufa m'nyengo yozizira. Kachipangizo kotchedwa multimeter n'kotsika mtengo ndipo kadzakuuzani zoona: injini itazima, batire yabwino imaonetsa pafupifupi mavoti 12.6, injini ikulira, pakati pa 13.8 ndi 14.4. Mavotiwo akapanda kukwera, vuto lingakhale alitaneta, ndipo batire yatsopano ingakhale kutaya ndalama. Ufa woyera wa pamitu ya batire tsukani ndi soda wosungunula m'madzi. Pochotsa batire yambani ndi waya wa (-), pobwezera mumalizire womwewo.

Mukazolowera izi, gulani zida pang'onopang'ono: masipanala ndi masoketi a 8 mpaka 19, masikuludalaiva, pulayala ndi tochi. Ku Midas, AutoZone kapena Goldwagen pitani ndi nambala ya VIN, imene ili pa disiki ya layisensi pagalasi, kuti asakupatseni chipangizo cha galimoto ina. Yambani ndi ntchito zosavuta: mawaipa, mababu, mafyuzi, sefa ya mpweya. Fyuzi ikapsa, ikani ya nambala yomweyo. Yomangirira kawaya ndi imene imayatsa galimoto moto.

Kusintha oyilo kubwere pambuyo pake. Tenthetsani injini mphindi zochepa, izimitseni, masulani bawuti ya pansi, oyilo akhuthukire m'beseni. Sinthani sefa mutapaka oyilo watsopano pa mphira yake, ndipo muimange ndi manja okha. Thirani muyeso wa m'buku, lizani injini, yang'anani ngati pakudontha. Apa ndinene motsindika: musalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke kapena pa njerwa. Gulani zitsulo zochirikiza, zimene m'sitolo amati axle stands. Oyilo wakale musathire m'ngalande zopita ku mtsinje wa Apies. Muikeni m'chigubu n'kukasiya ku galaja kapena kwa otolera oyilo a ROSE Foundation. Ngati galimoto idakali pa waranti, funsani kaye musanaikhudze.

Mabuleki, timing belt, giyabokosi ndi ma airbag musayambe nokha pongoonera vidiyo ya pa YouTube. Pemphani makaniko wodalirika kuti muzimuthandiza Loweruka, muzimupatsira masipanala uku mukufunsa. Amene mtima wake wakokedwa ndi ntchitoyi ali mumzinda woyenera: BMW imapanga magalimoto ku Rosslyn, Ford ku Silverton, ndipo makoleji a Tshwane North ndi Tshwane South TVET amaphunzitsa ntchito zamanja. Mayeso a umisiri amachitikira ku Olifantsfontein. Kafunseni ku maofesi a makolejiwo za mapepala ofunika kwa mlendo musanalipire aliyense.

Ngati mu December mukupita kumudzi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, sevisi ichitike kutatsala sabata ziwiri, kuti cholakwika chionekere mudakali pafupi ndi masitolo. Nyamulani lamba wa alitaneta wapadera, lita ya oyilo, madzi ndi mafyuzi, ndipo mukapakira katundu wonjezerani mpweya m'matayala monga kapepala kaja kanenera.