Katemera ndi mayeso oyeserera a thupi

Mwana wanga, dzulo unandiimitsa pakhomo la kalasi belu litalira kale. Unati, "Aphunzitsi, alangizi a zaumoyo akufuna kutibaya jakisoni chifukwa chiyani pomwe palibe amene akudwala?" Funso lotere sayankha munthu ali chiimire. Khala pansi, tiyambire pa zophweka.

Matenda opatsirana amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Lero ugwire magulu awiri okha. Loyamba ndi mabakiteriya, tamoyo timene timatha kukhala m'madzi, m'dothi kapena m'thupi n'kumaswana patokha. Kolera, tayifodi ndi kafumbata amayamba ndi mabakiteriya. Lachiwiri ndi mavairasi. Awa ndi aang'ono kwambiri kuposa mabakiteriya, ndipo saswana pokhapokha atalowa m'maselo a chamoyo china. Selo ndi kanjerwa kakang'onong'ono kamene thupi lonse linamangidwa nako. Chikuku ndi poliyo amayamba ndi mavairasi.

Thupi silingokhala manja lende. M'magazi muli maselo oyera, amene achipatala amawatchula kuti asilikali a m'thupi. Kachilombo kakalowa, ena mwa asilikaliwa amapanga tizida totchedwa antibodi. Antibodi ndi kachida kokakamira kachilombo ka mtundu umodzi wokha, ngati kiyi amene amatsegula loko wake basi. Ntchito yonse ya asilikaliwa ndiyo timaitcha chitetezo cha m'thupi.

Tsono vuto lili pa nthawi. Thupi likakumana ndi kachilombo koyamba, pamapita sabata imodzi kapena ziwiri lisanasule zida zokwanira, ndipo m'masiku amenewo kachilombo kamakhala katatanda kale. Ena amachira, ena amapunduka, ena amafa. Koma wochira amatsala ndi maselo okumbukira, omwe kachilombo komweko kakadzabweranso amakazindikira msanga n'kukathira nkhondo kasanakhazikike.

Iwe ukudziwa chifukwa chake a Fomu 4 amalemba moku asanakumane ndi mayeso a MSCE. Wolephera moku sataya satifiketi, komabe amatuluka atadziwa kafunsidwe ka mafunso, ndipo tsiku lenileni dzanja silinjenjemera. Katemera ndiye moku wa thupi. Mkati mwake muli kachilombo kofooketsedwa, kapena kophedwa, kapena kachidutswa chabe ka kachilomboko. Thupi limayeserera nkhondo, limasula zida, limasunga maselo okumbukira, koma silidwala matenda enieniwo. Ndibwereze kuti chikhazikike: katemera si mankhwala ochiza wodwala, ndi mphunzitsi wa thupi la munthu amene sanadwale. N'chifukwa chake alangizi amabwera pamene nonse muli bwino.

Dzina lakelo limandisangalatsa, poti ndi lachibale ndi mawu oti kutemera. Katemera woyamba, wa nthomba, amene dokotala wa ku England Edward Jenner anamuyesa mu 1796, ankalowetsedwadi pokanda khungu. Mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti nthomba yatha pa dziko lonse, ndipo iwe sunaonepo munthu wodwala nthomba. Kachipsera kamene uli nako pamkono ndi ka katemera wina, wa BCG, amene unabayidwa uli khanda kuti akuteteze ku mitundu yoopsa ya chifuwa chachikulu.

Nanga sukulu ikulowapo bwanji? Yang'ana m'chipinda chanu chogona. Mabedi ayandikana, mumamwa pa mpope umodzi, mumadya za m'poto mmodzi, zimbudzi ndi zomwezo. Kachilombo kakafika pamalo otere sikayenda ulendo wautali. Wodwala chikuku mmodzi akhoza kupatsira anthu 12 mpaka 18 opanda chitetezo, ndipo mu 2010 anthu oposa 100,000 anadwala chikuku m'Malawi muno. Koma ngati pafupifupi onse analandira katemera, kachilombo kamasowa podumphira, choncho amatetezeka ngakhale mnzanu uja amene sangabayidwe chifukwa cha matenda ena. Chimenechi chimatchedwa chitetezo cha gulu. Pa chikuku chimafuna kuti anthu 95 mwa 100 aliwonse akhale atalandira katemera.

Za kolera sindikusowa kukuuza zambiri. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iwo. Katemera wa kolera ndi wakumwa, ndipo salowa m'malo mwa madzi othira klorini ndi kusamba m'manja ndi sopo. Tayifodi nayenso amayenda m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi. Katemera wake anaperekedwa m'dziko lonse mu Meyi 2023 kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15.

Kafumbata ali ndi khalidwe lina, ndipo apa utchere khutu. Iye sachoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, n'kulowa pabala, monga la khasu kumunda wa sukulu kapena la msomali wa desiki yothyoka. Poizoni wake amaumitsa minyewa, kuyambira nsagwada. Choncho ngakhale sukulu yonse itabayidwa kupatula iwe, chitetezo cha gulu sichingakuthandize. Pa kafumbata aliyense amanyamula chishango chake. Atsikana oyambira zaka 15 amalandira katemerayu kasanu: jakisoni wachiwiri pakapita masabata anayi, wachitatu pakapita miyezi isanu ndi umodzi, ndipo awiri otsalawo motalikirana chaka chimodzi. Akatero amadziteteza okha, komanso makanda amene adzabereke. Anyamata musaone ngati nkhaniyi si yanu. Bala lakuya kapena lolowa dothi mulitsuke ndi madzi ndi sopo, ndipo mupite nalo kuchipatala tsiku lomwelo, osati kuthirapo dothi kapena phulusa.

Tafika pa chovuta kuposa zonse, katemera wa HPV. Zilembo zitatuzi ndi dzina la gulu la mavairasi opatsirana makamaka pogonana. Ndi ofala kwambiri, ndipo mwa anthu ambiri thupi limawachotsa lokha munthu osadziwa n'komwe. Koma mwa amayi ena kachilomboka kamakhazikika pakhomo la chiberekero, n'kumasintha maselo pang'onopang'ono kwa zaka 15 kapena 20 mpaka asanduke khansa. Khansa ndi matenda amene maselo amaswana mosalamulirika n'kuwononga ziwalo. Mitundu iwiri yokha, HPV 16 ndi HPV 18, imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 iliyonse ya khansa ya khomo la chiberekero. Wasayansi wa ku Germany Harald zur Hausen ndiye anasonyeza mgwirizano umenewu, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2008.

Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri zedi. M'dziko muno katemera wake anayesedwa koyamba ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 anafalikira m'dziko lonse, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Msinkhu woyenera kwambiri ndi wa zaka 9 mpaka 14, kotero ena a inu a Fomu 1 mukadali momwemo. Makolo ena amadabwa kuti kamwana kangabayidwe bwanji katemera wa matenda a akuluakulu. Kumbukira moku uja: amalembedwa mayeso asanafike. Katemerayu sachotsa kachilombo kamene kalowa kale, ndiye ayenera kufika kachilombo kasanafike.

Unandiuzanso za mphekesera yoti katemerayu amaumitsa chiberekero. Usawanyoze amene amanena zimenezi, pakuti ambiri amazinena chifukwa chokonda ana awo. Koma si zoona. Katemerayu wakhala akuperekedwa kuyambira mu 2006 m'mayiko ambiri, ndipo palibe umboni woti amalepheretsa kubereka. Chimene chimalanda mayi chiberekero ndi khansayo. Zomwe zimachitikadi ndi izi: pobayidwapo pamawawa kapena kutupa pang'ono, thupi likhoza kutentha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ena amachita chizungulire chifukwa cha mantha a singano. N'chifukwa chake mumauzidwa kukhala pansi mphindi 15 mukabayidwa. Wina akayamba kubanika kapena kutupa nkhope, zomwe zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, achipatala adziwe nthawi yomweyo.

Usasokoneze katemera ndi mapiritsi a likodzo amene amagawidwanso m'sukulu. Aja ndi mankhwala opha tizilombo timene tili kale m'thupi, ndipo amamwedwa munthu atadya.

Ntchito ya kunyumba nayi. Pa holide upemphe amayi akuonetse buku lako la kuchipatala, lija ankapita nalo kusikelo. Ukopere m'kope dzina la katemera aliyense ndi tsiku limene unalandira. Pamene papanda kulembedwa kanthu uikepo chizindikiro, ndipo teremu ikubwerayi tidzapite nalo limodzi kwa alangizi a zaumoyo.