Madzi a Kolorini: Chotsani Litsiro, Musataye Chitetezo

Mu 1974, katswiri wa za madzi ku Rotterdam, Johannes Rook, anapeza kuti kolorini akakumana ndi zotsalira za masamba owola ndi zomera zina m'madzi, pamabadwa mankhwala ena monga chloroform, a m'gulu la trihalomethanes. Kafukufuku wa m'maiko angapo akusonyeza kuti kumwa madzi okhala ndi mankhwalawa ochuluka kwa zaka zambiri kumakweza pang'ono chiopsezo cha khansa ya chikhodzodzo, n'chifukwa chake dziko la America linalamula kuti asapitirire mamaikilogalamu 80 pa lita. Gwero la vutoli ndi litsiro limene kolorini amalipeza m'madzimo, ndipo apa ndi pamene banja lingachitepo kanthu.

Yambani ndi kuwayang'ana madziwo. Nyengo ya dzinja, mitsinje ikasefukira, kapena mpopi ukangoyamba kutuluka pambuyo poti madzi anasiya, amabwera ofiira. Asiyeni atuluke mpaka ayere, ofiirawo mukathirire maluwa. Ngati mukuthira nokha kolorini wa WaterGuard m'madzi a pachitsime kapena a mumtsinje, musathire m'madzi amatope. Asiyeni m'ndowa mpaka matope akhale pansi, muwatsanulire m'chidebe china powasefa ndi nsalu yoyera, kenako muthire mulingo wolembedwa pabotolo, muvundikire, mudikire mphindi 30. Kuthira mongoyerekeza, poganiza kuti kuchuluka ndiye mphamvu, kumangowonjezera mankhwala omwe tikuwapewawo.

Amene fungo la kolorini limawadetsa nkhawa angathe kuwiritsa madzi akumwa m'poto wosavundikira, zenera lili lotsekula, pakuti trihalomethanes amauluka ndi nthunzi. Kuwiritsa sikuchotsa onse, koma kumachepetsa. Dziwani kuti kolorini naye amauluka, choncho madzi owiritsa alibenso mlonda. Asungeni m'chigubu chotsuka bwino, cha kukamwa kochepa kosalowa chikho kapena dzanja, ndipo amwedwe tsiku lomwelo. Sefa ya makala okonzedwa mwapadera (activated carbon) imagwiranso trihalomethanes, bola izisinthidwa pa nthawi yake. Makala a pambaula sangalowe m'malo mwake. Posamba madzi otentha a shawa, tsekulani zenera, chifukwa mankhwalawa amalowanso m'thupi popuma.

Wina anganene kuti bwanji osangosiya kolorini. Ameneyo akumbukire kolera yemwe anabuka ku Machinga mu Marichi 2022 n'kufalikira m'maboma onse a Malawi, n'kupha anthu oposa 1,700. Chiopsezo cha khansa n'chaching'ono ndipo chimatenga zaka makumi, pamene kolera amatha kugwetsa munthu wamphamvu m'maola ochepa. Bungwe la WHO nalo limanenetsa kuti ntchito yopha tizilombo m'madzi isafooketsedwe pofuna kuchepetsa mankhwala otsalirawa. Kafungo kapatali ka kolorini pampopi ndi chizindikiro chakuti madzi afika pakhomo ali otetezeka. Fungolo likakhala loboola mphuno, kapena madzi akamabwera amatope masiku angapo, kadandauleni ku ofesi ya Water Board ya m'dera lanu kuti adzawayeze.