Kabowo Koyeza Kukhakhala kwa Chitsulo

Lero ndagwira makalata awiri, ndipo onse akufunsa za chipangizo chimodzi.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wokonza injini ku Kanengo. Akuti: "Ndamva kuti kuli maikulosikopu yotchedwa confocal, yoyeza kukhakhala kwa chitsulo osachikhudza. N'zoona kapena ndi nkhambakamwa chabe?"

N'zoona, bambo. Tiyambire pa maikulosikopu wamba, ya kuchipatala ija yoonera malungo m'magazi. Mukaikapo chinthu chochindikala, kuwala kochokera pamwamba, pakati ndi pansi kumafika m'diso nthawi imodzi, chithunzi n'kungoti mbuu. Mu 1955, Marvin Minsky ali ku Harvard, ku America, anaika kabowo kakang'onong'ono kutsogolo kwa kachipangizo kolandira kuwala. Kuwala kochokera pamene galasi lalunjika ndendende kumadutsa pakabowopo. Kwina konse kumagunda m'mphepete n'kutsala kunja. Chinsinsi chake n'chomwecho basi. Analembetsa luso lakeli mu 1957, koma linakhala phee zaka zambiri, poti nyali yamphamvu yotchedwa laser inali isanabadwe ndipo makompyuta anali adakali ofooka.

Tsono kuyezako kumayenda chonchi. Makinawo amakweza galasi pang'onopang'ono, akujambula pa msinkhu uliwonse. Kadontho kalikonse ka pachitsulopo kamawala kwambiri pa msinkhu umodzi wokha. Kompyuta imasunga msinkhuwo, kadontho ndi kadontho, mpaka kutulutsa mapu a zitunda ndi zigwa, zina zosakwana n'komwe maikulomita imodzi. Tsitsi la m'mutu mwanumo ndi lonenepa pafupifupi maikulomita 70. Timizere topingasana ta m'kati mwa silinda, tosunga oilo tija, inu mumatimva ndi chikhadabo. Makinawa amakuuzani kuya kwa kamzere kalikonse.

Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana wophunzira ku Zomba: "Nanga bwanji mafakitale ena akugwiritsabe singano yokwekwesa pachitsulo?"

Wafunsa bwino, mwanawe. Singano ya nsonga ya dayamondi ija imayeza mzere umodzi pa ulendo, ndipo imakanda zinthu zofewa monga pulasitiki. Apa confocal yaiposa. Koma nayonso ili ndi pofooka pake. Ikakumana ndi malo otsetsereka kwambiri, onyezimiranso, kuwala kumanjanja n'kuthawira kumbali ngati dzuwa pakalilole, osabwerera kugalasi. Pamapu pamatsala mipata, ndipo mapulogalamu ena amangoidzaza mongoyerekeza. Ine ndiye sindikhulupirira mapu osalala mopitirira ndisanafunse kuti ndi madontho angati amene ayezedwadi.

Chinanso, kuwala kumayeza chilichonse chimene kwapeza pamwamba. Kafumbi kamaoneka ngati phiri, ndipo kaoilo kotsalira kakhoza kuonetsa misinkhu iwiri pa kadontho kamodzi, pamene singano ikanangoboola oiloyo n'kufika pachitsulo. Ndiye bambo a ku Kanengo, tsiku limene mudzatumize chitsulo chanu kukayezedwa, mudzayambe mwachitsuka bwinobwino, ndipo pamalo oyezapo musadzagwirepo ndi chala.