Makina a elliptical salowa m'malo mwa mankhwala a BP

Uthenga kwa mabanja onse amene muli munthu wodwala BP kapena shuga

Pa mizere ya kukiliniki ndi m'magulu a pa WhatsApp mwafala nkhani yakuti munthu akayamba kupita ku jimu n'kumakhetsa thukuta pa makina, BP imatheratu ndipo mapiritsi akhoza kuwasiya. Nkhani imeneyi ndi yabodza. Musasiye mankhwala a BP. Amene mwasiya kale, bwerani kuchipatala sabata yomwe ino ndi buku lanu. Musadikire tsiku lomwe munalemberedwa.

Makina amene akutchulidwa kwambiri ndi a elliptical, aja okhala ndi zopondera ziwiri zikuluzikulu, miyendo n'kumazungulira, manja akukoka ndi kukankha zogwirira. Kampani ya ku America ya Precor ndi yomwe idawatulutsa mu 1995, ndipo lero mumawapeza m'majimu ambiri a m'tauni. Ife azaumoyo sitidana nawo makinawa. Tikadakonda odwala athu ambiri akadamawakwera.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti phazi silichoka pa chopondera. Munthu akamathamanga pamsewu, phazi lililonse likamatera pansi mawondo, chiuno ndi msana zimalandira kulemera kwa thupi lonse, ndipo kwa munthu wonenepa, wachikulire kapena wa nyamakazi ya m'mawondo zimenezi zimapweteka mpaka amagwa ulesi. Pa elliptical kugunda kumeneko kulibe. Mtima ndi mapapo zimagwira ntchito molimbika, minofu ya m'ntchafu, m'matako ndi m'mikono imalimba, koma mfundo za mafupa sizivutika kwenikweni. Wodwala shuga amapindulanso, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imatenga shuga m'magazi. Ambiri amati tulo akugona bwino, ndipo chitunda chimene chinkawapatsa befu akuchikwera bwinobwino.

Ndipo n'zoona, masewera otere amatsitsa BP. Funso ndi lakuti amatsitsa ndi zingati. Kwa munthu wodwala BP amene akulimbikira sabata ndi sabata, nambala yapamwamba ija imatsika ndi 5 mpaka 8. Werengani nokha. Ngati BP yanu popanda mankhwala imafika 165, makina akutsitsirani kufika 157 kapena 160. Ife timafuna ikhale pansi pa 140/90. Kotsalako adzatsitse ndani mukataya mapiritsi? Musasiye mankhwala.

"Koma ndinayezetsa, inali bwinobwino"

Mawu amenewa tawamva mpaka makutu kuwawa. Pali zifukwa ziwiri zimene nambala imaonekera yabwino, ndipo zonse ziwiri sizitanthauza kuti mwachira.

Choyamba, munthu akangomaliza masewera mitsempha ya magazi imakhala yotseguka, choncho BP imatsika kwa maola angapo. Wina akatuluka mu jimu n'kukayezetsa pa famase, amaona 128/80, n'kusangalala kuti matenda apita. Mawa lake BP yabwerera pomwe inali, koma iye sakuyezanso.

Chachiwiri ndi chimene chimatidabwitsa kuti anthu akuluakulu sachiona: nambala yabwinoyo ndi ya mapiritsi. Mwakhala mukumwa amlodipine, HCT kapena enalapril tsiku ndi tsiku, BP yatsika, ndiye mukuti mankhwala alibenso ntchito? Zili ngati kugwetsa denga chifukwa m'nyumba simukudontha. Mankhwala a BP sachiza matendawa, amangowagwira kuti asakwere. Mukawasiya, pakapita masiku kapena masabata ochepa BP imakweranso.

Ndipo ikamakwera simumva kanthu. Ambiri amadikira mutu, chizungulire kapena kugunda kwa mtima kuti adziwe kuti zavuta, koma BP yokwera nthawi zambiri siwawa paliponse. Imangowononga mitsempha ya mu ubongo, mtima, impso ndi maso mwakachetechete. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankamwa mankhwala alionse. Kudzimva wamphamvu pa makina si umboni wa chilichonse. Munthu atha kupalasa mphindi 40 lero, mawa n'kudzuka mbali imodzi itafa ndi sitiroko. Akatero, amene amamunyamula, kumusambitsa ndi kumudyetsa ndi inu a pakhomo, osati amene adamutumizira uthenga pa foni uja.

Amene mumamwa atenolol kapena propranolol mvetsetsani bwino. Mankhwala awa ndi oopsa kuwasiya mwadzidzidzi, chifukwa mtima umayamba kuthamanga kwambiri ndipo BP ikhoza kukwera kuposa kale. Komanso amachepetsa kugunda kwa mtima, ndiye nambala ya mtima imene makina amaonetsa mukagwira tizitsulo ta pa zogwirira isakupusitseni kuti simukulimbikira mokwanira.

Kodi sizitheka kuchepetsa mankhwala munthu akatsika thupi n'kumachita masewera? Zimatheka kwa ena. Koma amene amachepetsa ndi adokotala, ataona nambala za miyezi ingapo zolembedwa m'buku mwanu. Mphunzitsi wa ku jimu ntchito yake ndi makina. Mnzanu wa ku ofesi amene adasiya mapiritsi ndipo akuoneka wathanzi sadziwa impso zanu zili bwanji, ngakhale zake zomwe sazidziwa. Adyo, mandimu ndi madzi otentha nazonso sizilowa m'malo mwa mankhwala. Musasiye, musadumphe masiku, musadule piritsi pakati mwa nzeru zanu.

Odwala shuga, uthenga ndi womwewo: metformin, glibenclamide kapena insulin musasiye. Inu vuto lanu lina ndi lakuti glibenclamide ndi insulin zikakumana ndi masewera, shuga akhoza kutsika kwambiri. Musakwere makina ndi njala, ndipo m'thumba muzikhala masiwiti kapena shuga pang'ono. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira kapena kusokonezeka mutu, tsikani mudye msanga. Valani nsapato zokukwanani, ndipo mukafika kunyumba yang'anani mapazi ngati achita matuza.

Pokwera makinawo

WHO imalangiza munthu wamkulu kuchita masewera opumitsa mwamsangamsanga kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mphindi 30 masiku asanu zakwana. Ongoyamba kumene ayambe ndi mphindi 10 makina ali pofewa, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Liwiro loyenera ndi lakuti muzitha kuyankhula koma osatha kuyimba. Imani mowongoka, osatsamira zogwirira, ndipo phazi lonse likhale pa chopondera, chifukwa kupondera zala zokha ndi kumene kumachititsa dzanzi. Pomaliza musatsike mwadzidzidzi. Chepetsani liwiro kwa mphindi zisanu, apo ayi mudzachita chizungulire, makamaka inu omwa mankhwala a BP. Imwani madzi. Zovala mapepala a pulasitiki m'kati mwa malaya kuti thukuta lichuluke zisiyeni, thukuta ndi madzi, si mafuta.

Ngati BP yanu ili 180/110 kapena kuposa pamenepo musanayambe n'komwe, tsiku limenelo si la jimu, ndi la kuchipatala. Amayi oyembekezera ndi onse amene adauzidwapo kuti ali ndi vuto la mtima ayambe afunsa adokotala.

Amene mulibe ndalama ya jimu musadandaule. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga ndi kugwira khasu zimalimbitsa mtima chimodzimodzi. Chepetsani mchere usapose kasipuni kamodzi ka tiyi pa tsiku, chepetsani mowa, siyani fodya.

Munthu akamva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, akabanika mosiyana ndi masiku onse, akakomoka, kukamwa kukapindikira mbali imodzi, mkono kapena mwendo ukafooka, kapena mawu akayamba kutuluka mosamveka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Musamugoneke kuti muone mmene adzukire mawa.

Amayi, abambo, ndi inu ana amene mukusamala makolo: usiku uno tengani paketi ya mankhwala a wodwala wanu muwerenge mapiritsi otsala, muyerekeze ndi tsiku lomwe adalandira. Akachuluka, ndiye kuti sakumwa. Bwerani nawo kukiliniki pamodzi ndi buku lawo ndi mapaketi onse, tidzawayeze. Sitikakukalipirani.