Lachiwiri: Namkungwi Wotiperekeza kwa Khristu

Werengani Agalatiya 3:23-25. Kodi Paulo akufanizira chilamulo ndi yani? Nanga ntchito ya munthu ameneyu imalekezera pati?

Pa ndime imeneyi Buku Lopatulika lili ndi liwu lakuti namkungwi, ndipo ife tikalimva timaganiza za mkulu wolangiza anamwali. Koma Paulo analemba liwu la Chigiriki lakuti paidagogos, kutanthauza wotsogolera mwana. Liwuli lipezeka katatu kokha m'Chipangano Chatsopano: pa Agalatiya 3:24, 25 ndi pa 1 Akorinto 4:15.

M'mabanja olemera a Agiriki ndi Aroma, paidagogos kawirikawiri anali kapolo wokhulupirika. Mnyamata akafika zaka 6 kapena 7 ankaperekedwa m'manja mwake kufikira atakula. Kapoloyo ankamperekeza kusukulu, kumunyamulira zolembera, kumtchinjiriza kwa anthu oipa panjira, ndi kumuzolowetsa ulemu pa kudya, pa kuyenda ndi pa kulankhula ndi akulu. Mwana akapulupudza, anali ndi mphamvu yomdzudzula ngakhale kumkwapula. Ena mwa akapolowa ankadaliridwa kwambiri. Mu 480 B.C., nkhondo ya ku Salamis isanayambe, mtsogoleri wa ku Athens, Themistocles, anatumiza uthenga wachinsinsi kwa Aperisi kudzera mwa Sicinnus, wosunga ana ake. Komabe paidagogos sanali atate wa mwanayo. Sakanatha kumpatsa cholowa, ndipo ulamuliro wake unali wa kanthawi.

Kodi chilamulo chimatichitira chiyani, ndipo n'chiyani chimene sichingathe kuchita? Aroma 3:20, 7:7, 8:3, 4.

Funso lakuti ndi chilamulo chiti chimene chikunenedwa pano linautsa mtsutso mumpingo mwathu. George I. Butler, amene anali pulezidenti wa General Conference, ankaphunzitsa kuti ndi malamulo a miyambo ya nsembe, poopa kuti tikati ndi Malamulo Khumi, ena adzanena kuti Sabata linatha. Pa msonkhano wa ku Minneapolis mu 1888, E. J. Waggoner analalikira kuti ndi Malamulo Khumi. M'chaka cha 1900 Ellen G. White analemba kuti namkungwiyo ndi onse awiri. Nsembe zinkaloza kwa Mwanawankhosa wa Mulungu. Malamulo Khumi amationetsa tchimo lathu kuti tifunefune Mpulumutsi.

Mantha amenewo akutha tikakumbukira ntchito ya paidagogos. Mnyamata akakula ankachoka pansi pa ndodo ya kapoloyo, koma sankataya makhalidwe amene anaphunzira. Zimene kale ankachita poopa chilango, tsopano ankazichita chifukwa zinakhazikika mwa iye. Momwemonso ife, tikafika kwa Khristu mwa chikhulupiriro, chilamulo sichitiweruzanso kuimfa, pakuti Iye anasenza chilango chathu, ndipo Mzimu Woyera amachilemba m'mitima yathu (Ahebri 8:10).

Ngozi ili mbali ziwiri. Tikayesa kupeza chipulumutso mwa kusunga malamulo, tikupempha kwa kapolo cholowa chimene Atate okha angapereke. Tikanyoza malamulo ponena kuti tili pansi pa chisomo, tikukana wotiperekeza amene Atatewo anamuika.

Lingalirani: Kodi mumasunga Sabata monga mwana woopa ndodo, kapena monga wolowa nyumba wodziwa kuti Atate ake amamkonda? Kodi ana athu, poona mmene timawalangizira, akufika kwa Yesu, kapena akungothera pa malamulo?