Kuiwala ndi kusowa tulo pambuyo pa matenda a Lyme

Ndalandira kalata yochokera kutali, ku Scotland, kwa mayi wina wakwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba kumeneko. Akuti nkhupakupa inawaluma atapita kokayenda kumapiri a Highlands. Adokotala anapeza matenda a Lyme, mankhwala a doxycycline anamwa masiku 21 onse, koma mpaka lero mutu sukugwira. Amaiwala mawu ali pakamwa, ndipo usiku tulo sitibwera. Akufunsa ngati ayamba misala.

Ayi mayi, si misala imeneyo. Matendawa amayambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Borrelia, ndipo dzina la matendawa linachokera ku tauni ya Lyme ku Connecticut, kumene ana ambiri anadwala mu 1975. Kwa anthu ena, ngakhale amalize mankhwala, kutopa ndi kuiwala kumatsalira kwa miyezi, kenako n'kumachepa pang'onopang'ono. Kungowonjezera maantibayotiki kwa miyezi yambirimbiri sikuthandiza.

Ine chandikhudza kwambiri ndi tuloto. Munthu wosagona amaiwala ngakhale ali bwinobwino, ndiye ndi mashifiti ausiku amene mwatchula m'kalata yanu, katundu akungolemererabe. Pemphani abwana anu akuikeni masana kwa kanthawi. Khofi ndi tiyi azithera masana, foni izigona kutali ndi bedi. Zofunika kukumbukira muzilemba m'kabuku, palibe chamanyazi pamenepo, inenso ndimatero. Ndipo mubwererenso kwa adokotala akaone ngati magazi sakuchepa komanso ngati chithokomiro chikugwira bwino ntchito, chifukwa nazonso zimafooketsa munthu chimodzimodzi.