Mikango ya abwana, kampeni ya eni dziko, ntchito yanu

Kalata ya sabata ino yachokera ku Limpopo, m'dziko la South Africa. Dzina talibisa monga mwa masiku onse.

"Akulu, ndine Mmalawi, ndimagwira ntchito pa famu yoweta mikango. Ndimasesa makola ndi kugawa nyama. Pa kampeni ya 2024 abwana anatipatsa malaya a chipani china, ati atolankhani akabwera tizinena kuti famu ikatsekedwa ana athu afa ndi njala. Sabata yomweyo kunabweranso anthu oteteza nyama, akufuna ndiwajambulire mikango yodwala, ati andipatsa kangachepe. Ndinazemba onse awiri. Tsopano ayambiranso kubwera. Mikango ina ikuvutikadi, ubweya unasosoka, madzi amatha masiku awiri. Nditani?"

Achimwene, munachita bwino kuzemba. Koma kuzemba kokha sikukutetezani, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Poyamba mudziwe chimene andale akufuna pa khola lanu. Ku Joni anthu amasankha boma lalikulu ndi maboma a zigawo zisanu ndi zinayi tsiku limodzi, monga zinalili pa 29 May 2024. Malamulo aakulu a dzikolo amapatsa zigawo mphamvu pa nkhani ya malo ophera nyama ndi ntchito za vetenale, ndipo pa zoteteza zachilengedwe zimagawana mphamvu ndi boma lalikulu. Mapemiti osungira mikango amatuluka m'maofesi a chigawo. Ndiye amene wapambana ku Limpopo, North West kapena Free State, kumene mafamu otere achuluka, ali ndi dzanja pa bizinesi ya abwana anu. Mikango yoweta m'dzikomo ilipo pafupifupi 8,000, m'malo oposa 300. Mu 2019 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti boma linalakwa polola kuti mafupa a mikango azigulitsidwa kunja lisanaganizire za umoyo wa nyamazo. Mu 2021 nduna ya zachilengedwe ya nthawiyo, Barbara Creecy, inalengeza kuti boma likufuna kuthetsa ulimi umenewu. Chiyambire pamenepo, mbali ina imafuula za nkhanza, ina za ntchito za anthu, ndipo mbali zonse ziwiri zimasakasaka nkhope ya wantchito wosauka yoti ziionetse pa TV.

Nkhope imeneyo isakhale yanu. Inu simuvota kumeneko, voti ndi ya nzika zokha. Wandale amene wagwira nanu chanza lero sadzakuperekezani ku Home Affairs pemiti yanu ikavuta. Lonjezo la pa kampeni ndi fodya wa pachala, ngwa mphepo. Malaya a chipaniwo musavale, ndipo pokana musachite makani. Nenani mwaulemu kuti ndinu mlendo, za zipani sizikukukhudzani, mukufuna kungogwira ntchito imene munalembedwera. Lamulo la Labour Relations Act la 1995 limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha maganizo ake pa ndale. Zikafika poti akuchotsani, muli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pa ntchito, ndipo kumeneko salipiritsa. Khoti la za ntchito linagamulanso mu 2008 kuti mlendo amene mapepala ake sali bwino amawerengedwabe kuti ndi wantchito pa lamuloli. Abale athu ambiri sadziwa zimenezi, amangonyamula chikwama usiku n'kusiya malipiro a mwezi wathunthu.

Tsopano za mikangoyo, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Lamulo la Animals Protection Act la 1962 likamati mwini nyama, silitanthauza yekhayo amene anaigula. Aliyense amene nyama ili m'manja mwake, amene amaisamala kapena kuiyang'anira, amawerengedwa ngati mwini. Amene amagwira ndowa ya madzi pa khola lija ndi ndani? Ndi inu. Tsiku limene insipekitala wa SPCA, bungwe loletsa nkhanza kwa nyama, adzapeze mkango wopanda madzi, abwana akhoza kukhala ali ku Pretoria, n'kuyankha pa foni kuti iwo anauza anyamata. Chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka miyezi 12. Ndipo musaganize kuti nkhani ikhoza kungofera ku polisi: mu 2016 Constitutional Court inavomereza kuti bungwe la NSPCA, loyang'anira ma SPCA onse, lili ndi mphamvu yozenga lokha mlandu wa nkhanza kwa nyama ngati oimira boma pa milandu akana.

Choncho gulani kope la masamba ochepa. Tsiku lililonse lembani khola, nthawi, chimene mwaona ndi amene mwamuuza. "Khola lachitatu, madzi anatha Lolemba m'mawa, ndauza a kapitawo 7 koloko." Kenaka tumizani uthenga womwewo pa WhatsApp kwa kapitawo kapena kwa manijala, kuti pakhale tsiku ndi nthawi zimene munthu sangazikane. Mawu a pakamwa amauluka, mlandu suola. Mukaona mkango wasosoka ubweya kapena ukutsimphina, pemphani m'uthengamo kuti aitane a vetenale. Osalalata, osaopseza, kungolemba zimene maso aona.

Pakatha masiku osasintha kanthu, imbani ku SPCA ya pafupi kapena ku likulu la NSPCA, kumene kuli gulu loona za nyama zakutchire. Auzeni kuti dzina lanu lisatuluke. Iwo ali ndi njira ya lamulo yolowera pa famu, yopita kukatenga chilolezo kwa majisitireti, pamene anzathu ofuna zithunzi aja alibe.

Za kangachepe kaja ndikanitsitsa. Lamulo loteteza oulula zoipa za pa ntchito, la Protected Disclosures Act la 2000, limakuikirani kumbuyo mukayamba mwauza abwana, kapena mukaulula kwina ndi mtima woona pa zifukwa zomveka. Mukaulula kunja chifukwa chofuna phindu lanu, chitetezocho mwachitaya. Komanso chithunzi chimaulula mwini wake. Abwana akangoona pa Facebook khola lojambulidwa m'bandakucha kuchokera mkati mwa mpanda, adziwa kuti amene amakhala ndi kiyi nthawi imeneyo ndi ndani. Sindikunyoza oteteza nyama ayi, ambiri ndi anthu a mtima wabwino ndipo zimene amanena za mafamu ena ndi zoona. Kungoti iwo akatha kampeni amabwerera ku Johannesburg, inu mumagona m'nyumba ya famu yomweyo.

Chomaliza, boma lanena poyera kumene ulimi wa mikango ukulowera, ngakhale likuyenda mwaukamba. Luso lanu losamala nyama likufunika m'mafamu a ng'ombe, a nkhuku ndi m'malo osungirako nyama zakutchire. Pemphani kalata ya umboni wa ntchito panopa, abwana akadali kukusekererani, ndipo sungani mapepala anu onse a malipiro. Kope lija mugule lero.